Lipenga la Miles Davis: Mbale Ziwiri za Usiku Umodzi

Pa 12 February 1964 anthu anasonkhana m'nyumba yaikulu yotchedwa Philharmonic Hall, mumzinda wa New York, kudzamva nyimbo za jazi. Oimba anali asanu. Mtsogoleri wao, Miles Davis, ankaliza lipenga, George Coleman saksofoni, Herbie Hancock piyano, Ron Carter besi, ndipo pa ng'oma panali Tony Williams, mnyamata wa zaka 18 zokha.

Msonkhanowu sunali wa chisangalalo chabe. Masiku amenewo anthu akuda a ku Mississippi ndi Louisiana ankatsekerezedwa kulembetsa maina ao kuti aziponya voti, ndipo ndalama za pakhomo zinali zothandiza ntchito yolembetsayo. Davis analamula kuti gulu lake liimbe popanda malipiro. Anzake ena sanakondwe nazo, kotero anakwera pa nsanja mitima ili yowawa. Pambuyo pake Davis anafotokoza kuti mkwiyo umenewo ndiwo unasonkheza moto wa maimbidwe ao.

Kampani ya Columbia inajambula nyimbozo nizigawa pawiri. Zambiri zofatsa zinatuluka mu 1965 pa mbale yotchedwa My Funny Valentine, zaliwiro mu 1966 pa mbale ya Four & More.

Wofuna kumvetsa jazi ayenera kudziwa ichi: oimba amayamba ndi nyimbo yodziwika kale, kenaka aliyense amapeka zakezake pomwepo, anzake namuyankha. Tsono luso lagona pa kumverana. Pa mbale yoyamba luso limeneli likumveka poyera. Davis sachulutsa mau. Amaliza lipenga pang'ono, nakhala chete, nasiya piyano idzaze mpatawo, ndipo ukachetechete wake umagwira mtima monga kulira kwenikweniko. M'nyimbo ya Stella by Starlight munthu wina mwa omvera analephera kudzigwira, nafuula, ndipo mfuu wakewo ulipobe pa mbale. Coleman naye ayenera ulemu, pakuti mau ake ndi osalala ndi olongosoka, ngakhale ambiri samtchula chifukwa anachoka m'gululo chaka chomwecho.

Mbale yachiwiri ndi ya mtundu wina. Williams amathamangitsa ng'oma modabwitsa, ndipo anzake samtsalira. Koma akulu anati kuthamanga si kufika. Nyimbo ya So What, imene inajambulidwa mwaulemu ndi mosapupuluma mu 1959, pano yathamangitsidwa mpaka kukoma kwake kwina kwatayika. Womvera amazizwa ndi mphamvu ya oimba, koma khutu lake limatopa posapeza popumira.

Cholakwa chachikulu si cha oimba ai, koma cha ogawa nyimbo. Usiku umenewo zofatsa ndi zaliwiro zinkasinthana, china chikukometsa chinzake monga nsima ndi ndiwo. Pozilekanitsa, mbale ina inatsala ndi chisoni, inzake ndi ukali. Choncho woyamba kumene kumvera jazi achita bwino kuyamba ndi My Funny Valentine, ndipo khutu likazolowera, amvere mbale ziwirizi mosinthanitsa.

Lamulo loteteza ufulu wa anthu akuda woponya voti linakhazikitsidwa ku America mu 1965. Davis anamwalira mu 1991, Williams mu 1997. Mbalezi zatsala monga mboni yakuti amuna asanu, ngakhale anasemphana pa za ndalama, anatha kumverana pa ntchito yao.