Pakati pa foni ndi wufa, nyimbo zathu zikutayika pati?

Msewu wochoka ku Blantyre kudzera pa Zalewa, n'kukatulukira pa chipata cha Mwanza kulowa ku Zobue ndi ku Tete, sunyamula katundu yekha. Umanyamulanso nyimbo. Mabasi a ku Harare ndi ku Johannesburg amalowera pomwepa, ndipo makutu a anthu a kwa Inkosi Kanduku anazolowera zosakaniza: kwaya m'mamawa, sungura dzuwa likamaswa mtengo, rege madzulo, amapiano anyamata akalanda bwalo. Kusasankha mtunduku ndi chuma, ndipo ndimakunyadira. Chondidetsa nkhawa ndi chipangizo chomwe nyimbo zonsezi zikutulukiramo.

M'nyumba zambiri lero muli zipangizo ziwiri. China ndi foni, china ndi wufa, chibokosi chija chobwera ndi timasipika tiwiri tating'ono, chomwe ena amayendetsera magetsi a ESCOM, ena batire ya sola. Zonse ziwiri zimadula nyimbo, chilichonse mbali yake. Nsambo yaikulu ya gitala ya besi, ikakhudzidwa osaipana, imanjenjemera pafupifupi ka 41 pa sekondi. Kasipika ka foni sikangakankhe mpweya wokwanira kutulutsa liwu lotsika chotero, choncho besi imangosanduka kakugogoda kouma. Wufa wotchipa amachita zosiyana: amakuza mawu a pansi mpaka malata kulira, timasipika take n'kumatswanya mawu a pamwamba, koma pakati n'kusiya dzenje. Tsoka lake, pakati pomwepo ndi pomwe pamakhala mawu a munthu, banjo, gitala ndi chitoliro.

Makolo athu analibe zipangizo zabwino kuposa izi. Wailesi yotchuka ya Saucepan Special, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1949 kuti anthu azimvera nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka, inali ndi sipika imodzi yokha. Galamafoni zomwe anthu ankabwera nazo kuchokera ku migodi zinkaseweretsa mbale zozungulira ka 78 pa mphindi, mbali iliyonse nyimbo ya mphindi zitatu basi, n'kuphwanthuka kwa singano pamwamba pake. Koma zipangizo zimenezo, ngakhale zinalibe besi yakuya, zinkatulutsa bwino mawu a pakati. Womvera ankatsata liwu lililonse la woyimba ndi chala chilichonse pa nsambo. Ife tagula mphamvu, n'kutaya chimene iwo anali nacho.

Chifukwa chake izi zili zopweteka kwambiri pa nyimbo za kuno n'chakuti zimamangidwa pa kulowana kwa zigawo. Amayi awiri akamasinja pa mtondo umodzi, munsi wina umatsika pamene unzake ukukwera, ndipo kukoma kwa kaphokosoko kuli m'kusinthanako. Gitala ya Daniel Kachamba, mwana wa kwa Singano ku Chileka yemwe anatisiya mu 1987, imayenda chomwecho. Chala chachikulu chimagunda nsambo za pansi, chala cha mkombaphala chimatola nyimbo pa nsambo za pamwamba, ndipo ziwirizi zimapatsana mpata mosawombana, mawu ake n'kudzakwera pamwamba pa zonse. Womumva koyamba amaganiza kuti oyimba ndi awiri kapena atatu. Daniel ndi mng'ono wake Donald anatola kwela ku Salisbury komwe banja lawo linkakhala, ndipo Gerhard Kubik wa ku Austria anayamba kuwajambula mu 1967. Ikani nyimbo zimenezi pa foni, chala chachikulu chizimiririka. Ziikeni pa wufa mutapotoza besi mpaka kumapeto, chala chomwecho chimeza chinzake. Konsekonse mumva theka la Kachamba.

Allan Namoko ndiye amavutika koposa. Banjo yake ilibe kuya, ili ndi kuthwa ndi liwiro, ndipo ng'oma za Chimvu River Jazz Band zinali zopanga okha, zamawu afupiafupi ouma. Ulemerero wake uli m'mawu aja osasa pang'ono, olira ngakhale pamene nyimbo ili yovinitsa, ndi m'kayankhidwe ka anzake kumbuyo. Sipika iliyonse yonamizira besi pamene palibe imamuveka munthu wa ku Thyoloyu chovala chosakhala chake. Ndimakhulupirira kuti chimbale chake cha Ana Osiidwa, chomwe kampani ya Pamtondo ya John Lwanda inatulutsa ku Scotland, ndi muyeso wabwino wa sipika kuposa nyimbo iliyonse yogunda m'chifuwa. Ngati Namoko akumveka ngati munthu wakhala pa mpando patsogolo panu, sipikayo ndi yabwino, kaya inagulidwa pa mtengo wanji.

Tisaiwale kuti kujambula nakonso ndi luso, ndipo wojambula amasiya dzanja lake mu nyimbo. Hugh Tracey, yemwe anayenda m'dziko muno mu 1950, 1957 ndi 1958, ankagwira maikolofoni imodzi m'manja n'kumaisuntha, pano kwa wa bangwe, pano kwa otsogolera nyimbo, pano kwa owomba m'manja. Womvera mwatcheru amakumva kuyendako: chida chimodzi chimayandikira, chinzake n'kubwerera m'mbuyo. Situdiyo ya MBC, komwe magulu ambiri a banjo ndi gitala anajambulira pambuyo pa 1964, inali ndi kamvekedwe kakenso, gulu lonse likuyimbira pamodzi m'chipinda chimodzi, wolakwa wina onse n'kuyambiranso. Mpweya wa chipindacho umamveka m'nyimbozo. Lero mnyamata wa kompyuta amajambula chida chilichonse pachokha, ndipo ambiri amapanikiza nyimbo yonse kuti imveke mokweza kuyambira poyamba mpaka potsiriza. Nyimbo yotero imagunda khutu msanga, imalitopetsanso msanga, poti ilibe potsika n'kupuma.

Okonda sungura kwa Kanduku angandifunse: nanga Alick Macheso timumve opanda besi? Ayi ndithu. Koma mvetserani chomwe Macheso amachita pa Simbaradzo, chimbale chake cha mu 2000. Besi yake siyogunda pamodzimodzi. Imayimba, imathamanga kukwera khosi la gitala mpaka kufika m'dera la magitala ang'onoang'ono, imayankhana nawo, kenako n'kutsikanso. Kuti muitsate mufunika sipika yofulumira, yomwe imasiya liwu likangotha. Wufa wotchipa amakoka liwu lililonse, lotsatira n'kugwera pa linzake, zala khumi za katswiri n'kusanduka mkokomo umodzi. Chitekete ya Leonard Dembo ndi nkhani yomweyo: magitala a Barura Express amabwereza kanjira kamodzi kwa mphindi zoposa khumi, akusintha pang'onopang'ono, ndipo wosamva kusinthako amati nyimboyo ndi yotalika chabe.

Rege ndiyo imafunadi kuya. Pa Kuimba 1 ya Evison Matafale ya mu 1999, ndi pa zimbale zomwe Black Missionaries anapitiriza iye atamwalira mu 2001, besi ndi msana wa nyimbo. Komabe mphamvu ya besi ya rege ili m'mipata yomwe imasiya, pamene imakhala chete gitala n'kudula kamodzi. Chipangizo chodzaza mipata imeneyo ndi mkokomo chimaphwanya chinthu chomwe chimavinitsa munthu. Amapiano okha ndiwo ndingavomere kuti anabadwira wufa, chifukwa ng'oma yawo yakuya ija anaipangira kuti imveke m'thupi. Sindikuwanyoza, ali ndi nzeru zawo. Ndikukana kuti mapotozedwe oyenera amapiano akhale lamulo la nyimbo zonse za m'nyumbamo.

Palinso vuto la gwero. Nthawi ya makaseti, pamene oyimba ankapita ndi nyimbo zawo kwa O.G. Issa ku Limbe, aliyense ankadziwa kuti kaseti yokopera kwa yokopera imamveka mozimiririka. Lero nyimbo timakabenetsa pa memori khadi kapena kutumizirana pa WhatsApp, n'kumaganiza kuti zonse n'chimodzimodzi. Sizili choncho. CD imanyamula makilobiti 1,411 pa sekondi, pamene MP3 wamba ya 128 imasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 11, zina zonse n'kutaya poyerekeza kuti khutu silizindikira. MP3 yopangidwa bwino kamodzi imamveka bwino ndithu. Yoipa ndi ija yochotsedwa pa kanema, n'kufinyidwanso, n'kumatidwa mawu a wobena pakati. Maseche ndi mbale za ng'oma ndizo zimayamba kuwonongeka, zimamveka mophwaphwatika. Ndipo pa khadi yodzaza nyimbo mazanamazana, woyimba sapatapo kanthu, nkhani yomwe bungwe loteteza umwini wa zaluso la COSOMA lakhala likulimbana nayo kuyambira 1992.

Chosangalatsa n'chakuti zambiri zokonza sizilira ndalama. Wufa akaikidwa pangodya, makoma awiri ndi simenti ya pansi zimachulukitsa mkokomo. Mukokereni kunja pang'ono. Timasipika tiwiri tija ambiri amatiunjika pamwamba pa wufayo, kapena kamodzi pa kabati kena pawindo. Titalikitseni mofanana, pa msinkhu wa makutu a munthu wokhala pansi, inu mukhale pakati patsogolo pake, ndipo mudzamva gitala ina kumanzere, ina kumanja, woyimba pakati. Chipinda cha makoma osavala chimabweza mawu, choncho mkeka pansi, makatani ndi mipando ya nsalu zimathandiza kuposa kugula chipangizo chachiwiri. Kabatani ka besi kabwezeni pakati. Tsiku loyamba nyimbo zidzamveka zowonda, poti khutu linazolowera kukhuta, koma pakatha sabata mudzayamba kumva zinthu zomwe zinalimo kale.

Kwaya ndiyo imaonetsa phinduli msanga. M'nyimbo ya kwaya ya mpingo muli mawu anayi, ndipo a alito ndi a tenala, omwe amakhala mkati, ndiwo amayamba kusowa pa chipangizo choipa. Zani Muwone ya Wambali Mkandawire, yojambulidwa ku South Africa, ili ndi malipenga, ng'oma zamanja ndi mawu oyankhira oyalidwa mosamala, chilichonse pamalo pake, ndipo ndi chimbale chofunika kuchimvera chonse mwa ndondomeko yake, osadumphadumpha. Madalitso Band, anyamata awiri a ku Lilongwe, ali ndi babatoni ya nsambo imodzi, gitala ya nsambo zinayi ndi ng'oma yogunda ndi chidendene. Pa sipika yoikidwa bwino mumasiyanitsa kugunda kwa chidendenecho ndi kulira kwa babatoni, ngakhale zonse zili pansi, ndipo mumamva kuti gitala ikuthamangira patsogolo pang'ono pamene ng'oma ikuigwira kuti isathawe.