Nsanja ya Wembley ndi Bwalo la Mganda ku Mbamba Bay

Pa 7 Julaye 2007 kudachitika Live Earth, limodzi mwa maphwando a nyimbo aakulu kwambiri amene adakonzedwapo pofuna kutsekula anthu maso pa za kusintha kwa nyengo. Adalikonza ndi Al Gore, yemwe adakhalapo wachiwiri kwa pulezidenti wa Amereka, pamodzi ndi Kevin Wall. Tsiku lomwelo nsanja zidaima ku London, New Jersey, Hamburg, Tokyo, Shanghai, Sydney, Rio de Janeiro ndi Johannesburg. Ku Johannesburg kudayimba Angélique Kidjo, Baaba Maal, Vusi Mahlasela ndi UB40. Ku Wembley adatsekera ndi Madonna, amene Amalawi ankamudziwa kale chifukwa cha mwana yemwe adadzatenga ku Mchinji chaka cham'mbuyo mwake.

Oonerera adapemphedwa kulonjeza zinthu 7. Choyamba chidali choti aumirize maboma awo kusaina, pasanathe zaka ziwiri, pangano lochepetsa ndi 90 peresenti mpweya wotenthetsa dziko umene maiko olemera amatulutsa. Zaka ziwirizo zitatha, atsogoleri adakumana ku Copenhagen mu Disembala 2009, kumene adabalalika opanda pangano lomanga dziko lililonse. Lero mpweya umene dziko lonse likutulutsa ndi wochuluka kuposa mu 2007. Bob Geldof, mwini wake wa Live Aid ya 1985, adadandauliratu phwandolo lisanachitike kuti lilibe cholinga chogwirika, poti vutolo anthu ankalidziwa kale. Adayankhula mowawa, koma adaloza pamene pagona luso la maphwando oterewa.

Dandaulo la Geldof limamveka bwino munthu akapita nalo kumalo amene okonza maphwando a dziko lonse sawaganizira. Mbamba Bay ndi likulu la boma la Nyasa m'chigawo cha Ruvuma ku Tanzania, kutsidya kwa nyanja ya Malawi poyang'anizana ndi Nkhata Bay. Bomali lidapatulidwa ku Mbinga mu 2012. Ndi kamtunda kopyapyala kopanikizika pakati pa mapiri ndi madzi, kuchokera kumalire a Mozambique, kudzera ku Liuli, mpaka ku Lituhi kumene mtsinje wa Ruhuhu, womwe umathira madzi ambiri m'nyanjayi kuposa mtsinje wina uliwonse, umathera. Anyasa, Ampoto ndi Amanda a kumeneko amadalira chinangwa ndi usipa ngati abale awo a ku Likoma ndi ku Chizumulu.

Mu Epulo 2024 madzi a nyanjayi adakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Nyanja ndi imodzi, choncho madzi amene adalowa m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima adakwera chimodzimodzi pa gombe la Mbamba Bay. Mwezi wapitawo, pa 23 Malichi, Pulezidenti wa panthawiyo Lazarus Chakwera adali atalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a Malawi ali pa ngozi ya chilala. Pa 25 Epulo nduna yaikulu ya Tanzania ya panthawiyo, Kassim Majaliwa, idauza nyumba ya malamulo kuti anthu 155 afa ndi mvula yosalekeza. Nyengo imodzi yomweyo, chimanga chinkapserera kum'mwera pamene nyanja inkadya mchenga kumpoto.

Woyimba amene angafune kuyika zimenezi m'nyimbo ali ndi ntchito, chifukwa zoona zake sizowongoka. Chaka chimenecho kudali El Niño, amene adayamba kalekale mafakitale asanabwere. Nyanjayi idakwerapo kuposa pamenepa cha m'ma 1980, ndipo pakati pa 1915 ndi 1935 idaphwa mpaka Shire adaleka kutulutsa madzi. Chimene kutentha kwa dziko kumachita ndi kuwonjezera ukali pa zinthu zimene zidalipo kale. Akatswiri a World Weather Attribution adapeza mu 2022 kuti kusintha kwa nyengo kudakulitsa mvula ya anamondwe amene adakantha Madagascar, Mozambique ndi Malawi kuchiyambi kwa chakacho, kuphatikizapo namondwe Ana. Nkhani yotere sikwana m'mawu awiri ofuula pakati pa nyimbo ina ndi inzake.

Komanso msodzi wa ku Mbamba Bay si munthu woti n'kumudzidzimutsa ndi nkhani yoti nyengo yasokonekera. Dzuwa likamalowa amakankhira bwato m'madzi, nyali zili kutsogolo, ndipo mdima ukagwa nyalizo zimandandalika panyanja kuitana usipa kuti anzake aukute ndi khoka. M'mawa amayi amauyanika pa thandala, maso ali kumwamba, poti mvula yobwera nthawi yosayenera imaolesa nsomba za usiku wonse. Ikawapezerera, amathamangira nkhuni kuti awambe zimene zingawambike. Anthu amenewa amawerenga mwera ndi mpoto tsiku ndi tsiku, chifukwa kulakwitsa ndi maliro. Chimene sachimva kawirikawiri ndi chifukwa chake. Mwera wa miyezi yozizira umavundula nyanja n'kukweza chakudya cha tizilombo timene usipa umadya. Madzi apamwamba akatentha amapepuka, savutanso kuyandama pa ozizira apansi, ndipo kuvunduka kuja kumachepa. Kafukufuku wa Catherine O'Reilly ndi anzake, amene adatuluka mu 2003, adaonetsa zimenezi pa nyanja ya Tanganyika, yomwe ndi yakuya kuposa yathuyi. Msodzi ali ndi umboni, asayansi ali ndi kufotokoza, ndipo phwando la akatswiri silidawakumanitsepo mokwanira.

Luso la phwando lothandiza anthu lidabadwira pa bala looneka ndi maso. George Harrison ndi Ravi Shankar atayimba ku New York pa 1 Ogasiti 1971, othawa nkhondo a ku Bangladesh adalipo, ndipo ndalama zidali zoti ziwafikire. Live Aid idaonetsa ana a ku Ethiopia pa kanema, pansi pake n'kuyika nambala ya foni. Nyimbo idafewetsa mtima, chithunzi chidaloza vuto, nambala idapatsa dzanja chochita usiku womwewo. Ngakhale phwando limene silidali lopempha ndalama kwenikweni lidayenda njira yomweyi. Pa 11 Juni 1988 ku Wembley, Miriam Makeba, Hugh Masekela, Stevie Wonder ndi Tracy Chapman adayimba pokumbukira zaka 70 za Nelson Mandela ali m'ndende. Padali dzina limodzi ndi pempho limodzi: atuluke. Phwando si limene lidatsekula chitseko pa 11 Febuluwale 1990, koma aliyense amene adaonerera adadziwa chimene akuyembekezera, ndipo chitachitika adachizindikira.

Kusintha kwa nyengo kulibe chitseko chimodzi chotere. Live Earth idadzaza mpatawo ndi timakanema tolangiza anthu kusintha mababu ndi kuzimitsa magetsi, kenaka woyimba wina n'kukwera kudzayimba nyimbo zake zachikondi za masiku onse. Uthenga ndi nyimbo zidayenda padera. Pamenepa ndiye pali kulephera kwa luso, kuposa nkhani ya ndege zimene oyimbawo adakwera, ngakhale nayonso si yonyozeka: maulendo a oyimba ndi a oonerera ndiwo amatulutsa mpweya wambiri pa phwando lalikulu. Magulu ena adaimva mfundoyi. Coldplay idalengeza mu 2019 kuti yaima kaye kuyendayenda mpaka itapeza njira yosaononga kwambiri. Massive Attack idayimba ku Bristol mu Ogasiti 2024 ndi magetsi a m'mabatire m'malo mwa majenereta a dizilo, n'kukonza sitima zapamtunda zoti anthu abwerere nazo kwawo. Awa adayika uthenga m'kapangidwe ka phwando lenilenilo, ndipo ndi oyenera kuwayamikira.

Vuto lina ndi la amene amapatsidwa maikolofoni. Live 8 ya pa 2 Julaye 2005 idali yokamba za umphawi wa mu Africa, koma anthu atadandaula kuti oyimba a mu Africa akusowa pa ndandanda, ambiri a iwo adakayimbira ku Eden Project ku Cornwall, kutali ndi makamera a ku Hyde Park. Africa adakhala chithunzi cha pakhoma, olankhula ali ena. Pa za nyengo chizolowezi chimenechi n'chopweteka koposa, chifukwa Africa yense amatulutsa pafupifupi 4 peresenti yokha ya mpweya wa kaboni wa dziko lonse. Kumuuza mayi wa ku Liuli kuti achepetse nkhuni n'kwabwino pa mapiri ake ndi pa chifuwa chake, koma si iye adatenthetsa nyanja. Kumtunda kwa Ruhuhu yemweyo, ku Ngaka m'boma la Mbinga, kumakumbidwa malasha, ndipo mu 2022 nkhondo ya ku Ukraine itabuka, malasha a ku Ruvuma adayamba kudutsa pa doko la Mtwara kupita ku Ulaya. Nkhani yeniyeni ya nyengo m'dera lino ili m'malole onyamula malashawo: ntchito za anyamata, misonkho ya boma, ndi utsi umene udzatuluke kutali koma n'kubwerera kunyanja. Phwando lodalira makampani aakulu silikhudza nkhani ngati imeneyi mopepuka.

Pa gombe lomweli pali luso lina la nyimbo za pagulu, lakale kuposa Live Aid. Mganda wa ku Nyasa, m'bale wake wa malipenga a ku Nkhata Bay ndi ku Likoma, udatengera perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda. Nyanjayi idaona nkhondo molawirira: mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen idaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa Liuli, pomwe panthawiyo pankatchedwa Sphinxhafen. Anthu a m'mphepete mwa nyanja adaona kuguba kwa asilikali, n'kukusandutsa gule wawo. Amuna amavala zoyera zochapa bwino, sokosi zazitali, kuima m'mizere, kuponda mwaulemu motsatira ng'oma, uku akuliza zikho zimene zimasintha mawu a munthu kukhala ngati lipenga. Amayi ali ndi chioda, chimene nyimbo zake sizichita manyazi kudzudzula khalidwe la m'mudzi.

Chofunika kwa wokonza phwando si zovalazo ayi, koma dongosolo lake. Gulu la mganda, limene limatchedwa boma, limayeserera nthawi yaitali lisanatuluke. Limaitana boma la mudzi wina, eni mudzi n'kuphikira alendowo, ndipo nthawi ikakwana ulendo umabwezedwa. Woweruza ndi khamu, limene limakhamukira kumene kwavinidwa bwino. Wopeka nyimbo amakhala m'mudzi momwemo, choncho akanama mawa akumana ndi amene wawanamizawo pa gombe. Nyimbo ikagwira imatsalira m'kamwa mwa anthu, imamveka posoka maukonde ndi pokonola chinangwa, ndipo chaka chamawa gulu lina limabwera ndi yankho. Phwando la akatswiri ndi moto wa mapesi, umene umalilima usiku umodzi. Mganda umabwereza, ndipo vuto loyenda pang'onopang'ono ngati la nyengo limafuna luso lobwereza.

Izi sizikutanthauza kuti mganda ungachite zonse. Ng'oma ya ku Lituhi simveka kumene amagwirizana za mitengo ya mafuta ndi malasha. Komanso gule wa makolo amafa msanga akasanduka chida cha wina. Amalawi akukumbukira momwe magule adasandukira nyimbo zotamanda mtsogoleri nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo masiku ano aliyense waonapo gulu litavekedwa malaya a bungwe n'kupatsidwa mawu olembedwa mu ofesi kuti liwayimbe pamaso pa mlendo wolemekezeka. Nyimbo zotere zimatha galimoto za alendo zikangonyamuka.

Kumbali inayi, oyimba otchuka ali ndi chimene mudzi ulibe: makamera amawatsata. Ngozi ikagwa, mphamvu imeneyi imagwira ntchito. Namondwe Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023, anthu oposa 600 atafa ndipo oposa theka la miliyoni atasowa pokhala, dzina lililonse lodziwika limene lidamema anthu kupereka ufa ndi mabulangete lidachita bwino. Kumeneko kudali kuthandiza ovutika, ntchito imene phwando limaidziwa kuyambira 1971. Kuzindikiritsa anthu za nyengo ndi ntchito ina, ndipo pa imeneyi umboni wa Live Earth ndi wofooka: anthu adakumbukira amene adayimba kuposa chimene adalonjeza.

Nyanjayi si yachilendo ku maphwando. Lake of Stars idayambira ku Chintheche mu 2004, ndipo idaonetsa kuti anthu atha kuchokera kutali kudzamvera nyimbo pa mchenga. Amene angafune kukonza phwando la za nyengo m'mbali iliyonse ya nyanjayi asankhe pempho limodzi lotheka kuliwerenga. Litha kukhala loti chenjezo la mphepo lizifika kwa asodzi pa wailesi ndi pa foni m'chilankhulo chawo asanalowe m'madzi, kapena loti ndalama za thumba lolipirira zoonongeka ndi nyengo, limene maiko adagwirizana ku Sharm el-Sheikh mu 2022, zioneke m'maboma a m'mphepete mwa nyanja. Woyimba wotchuka abweretse makamera ake, koma nthawi imene khamu ladzaza aipereke kwa boma la mganda ndi amayi a chioda, ayimbe nyimbo zopeka okha, kuphatikizapo zokhudza malasha. Ndipo okonzawo abwerenso chaka chotsatira pa gombe lomwelo kudzauza anthu pamene pempho lija lafika.