Utoto Woonetsa DNA

DNA ilibe mtundu. Magetsi akamaikoka mkati mwa agarose gel, tizidutswa tating'ono timathamangira kutsogolo, zikuluzikulu n'kumatsalira, koma diso siliona kanthu. Apa m'pamene ndimalemekezera ethidium bromide. Utotowu umalowerera pakati pa timagawo ta DNA, ndipo ukaunikiridwa ndi kuwala kwa UV mumdima, pamatuluka mizere yowala ngati makala a moto. Ndimachitabe chidwi nthawi zonse ndikaiona. Asayansi Aaij ndi Borst anagwiritsa ntchito utotowu motere ku Amsterdam mu 1972, koma kale unali mankhwala ochizira ng'ombe zodwala chifukwa cholumidwa ndi kashembe. Umatha kusokoneza chibadwa cha maselo, choncho katswiri amavala magolovesi, n'kudonthezera pang'ono chabe, dzanja losanjenjemera.