Nkhwangwa Iyambe Yadikira

Kwa Msakambewa, m'mapiri a Dowa, makomo ambiri ali ndi mtengo wa mango umene unabzalidwa ndi munthu yemwe anatisiya kale. Mtengo wotere ukayamba kuuma nsonga, masamba n'kumayoyoka nthawi isanakwane, chigamulo sichichedwa: chiswe. Ena amanong'ona za anthu anjiru. Posakhalitsa nkhwangwa imalira, thunthu n'kukathera mu uvuni wa njerwa. Koma alipo akuluakulu ochepa amene amaitanidwa nkhwangwa isanatuluke m'nyumba, ndipo luso lawo ndimalisirira kwambiri.

Mmodzi mwa iwo ndi bambo wachikulire wa kufupi ndi Kongwe, kumene Robert Blake anatsegula mishoni mu 1894. Akafika pamtengo wodwala sathamangira kuyang'ana m'mwamba. Amanjuta patsinde n'kuyamba kufunsa mwini khomo. "Mayi, zinyalala mumatenthera pati? Nanga mbuzi mumamangirira apa?" Mafunsowa ali ndi chifukwa. Chakudya chimene masamba amapanga chimatsikira kumizu kudzera m'kachigawo kopyapyala ka m'kati mwa khungwa, pomwe madzi amakwera kudzera m'kati mwa thunthu. Waya akamadya khungwa, moto ukaliwaula, kapena wina akalisenda kuzungulira thunthu pofuna mankhwala, mizu imayamba kufa ndi njala masamba akadali biriwiri. Podzafota, patapita miyezi, aliyense waiwala za motowo. Bambowa amafufuza chimene chinayamba, ndipo apa m'pamene amasiyana ndi ife tonse.

Chiswe sachikana, koma sachikhulupirira msanga. Amapala dothi lake ndi mpeni n'kuonetsa kuti pansi pake panauma kale. Chiswe chimapha mbande ndithu, makamaka za bulugamu, koma pamtengo waukulu wa mango kawirikawiri chimabwera kudzadya zimene china chinapha. Wothira mankhwala a chiswe pamenepo wangotaya ndalama.

Kenaka mpeni uja umakwera kunthambi. Amakanda khungwa pang'onopang'ono kuchokera kunsonga kutsika, mpaka apeze pobiriwira. Pamenepo ndi pamene imfa yalekezera. Amang'amba kanthambi, ndipo akaona mizere yofiirira m'kati, kunja kukutuluka utomoni, amadziwa kuti matenda alowa m'njira ya madzi. Akapeza utuchi patsinde amasaka kabowo, n'kulowetsamo waya kuti aphe mphutsi imene ikuboola thunthu. Masamba akuda ngati mwaye wa m'khitchini amawapukuta ndi chala chachikulu, kudako n'kuchoka. Akatero amatembenuza tsamba. Kuseri kuli tizilombo tomata toyamwa madzi a mtengo, ndipo kudako kwamera pa timadzi totsekemera timene tatulutsa, timene nyerere zikukwerera. Zonsezi amazichita mosafulumira, ana atamuzungulira, iye akulankhula pang'ono.

Amadziwanso kuti matenda ali ndi nyengo zake. M'miyezi yozizira, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, maluwa amagwidwa ndi fumbi loyera n'kuthothoka osamanga zipatso. Mankhwala ake ndi a salufa. Mvula ikagwa kumabwera madontho akuda pamasamba ndi pazipatso, matenda amene alangizi amawatcha anthracnose, ndipo awa amamva mankhwala a kopa. Komabe bambowa amanena mosabisa kuti mtengo wotalika kuposa denga sungaumalize ndi mpope wa kumsana. Mankhwala ake enieni ndi kutengulira, kuti mphepo ndi dzuwa zizidutsa m'kati, chinyezi chisamakhalitse.

Kutengulirako ndiye kokoma kuonerera. Amadikira mango athe, tsiku likhale lopanda mvula. Chikwanje sachifuna, amagwiritsa sowo. Amayamba wacheka pang'ono kunsi kwa nthambi, kenaka pamwamba, kuti ikamagwa isang'ambe khungwa la thunthu. Chitsa chotsalacho amachichotsa pafupi ndi kamphete kotupa kamene kali pomwe nthambi imayambira, kamphete komweko osakakhudza, chifukwa ndiko kamatseka bala. Chomera chija chomera pa nthambi za mitengo ina, chimene anyamata amapangira ulimbo, sachibudula pamwamba. Amadula nthambi yonse m'munsi mwake, poti mizu yake inalowa kale m'kati. Zodulazo amakatenthera kutali, sowo n'kuitsuka ndi Jik asanakhudze mtengo wina. Manyowa sawaunjika patsinde. Amawathira mozungulira, molekezera mthunzi wa masana, kumene kuli timizu tokoka chakudya. Mango ogwa amati akwiriridwe m'dzenje lakuya, chifukwa mphutsi za ntchentche za zipatso zimakhwimira m'dothi, ndipo mtundu wina woopsa wochokera ku Asia, umene unapezeka koyamba ku Kenya mu 2003, unafalikira m'maiko ambiri a mu Africa.

Mtengo wokalamba koma wa mizu yamphamvu amaudula nthambi zikuluzikulu, n'kudikira mphukira. Zikakula amamezanitsapo Kent kapena Tommy Atkins, kwinaku akusiya nthambi ya Boloma kuti ana asasowe kukoma kumene anazolowera. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu mtengowo umayambanso kubereka, pomwe wodzala ndi njere ungafune zaka zisanu kapena kuposerapo.

Chimene chimandipatsa ulemu waukulu pa bambowa n'chakuti sanamiza munthu. Thunthu likakhala mphako, litapendekera kunyumba yogona ana, amati lidulidwe lisanagwe ndi mphepo ya mvula, ngakhale mwini wake akumva chisoni. Amanena zimenezo atayamba waliyeza, ndipo n'chifukwa chake anthu amamumvera.

Inu a ku Dowa ndi Ntchisi amene mtengo wanu wayamba kuuma nsonga, itanani munthu wotere kapena mlangizi wa zaulimi musanabwereke nkhwangwa. Ndipo pamene akugwira ntchitoyo, muike mwana wanu pambali pake kuti aziona.