Za Mau Ang'ono a Cingerezi Osonyeza Mtundu ndi Muyeso

Abale anga aphunzitsi, ndifuna kudzudzula cizolowezi cathu cimodzi pophunzitsa Cingerezi. Timalemba pa bolodi liu la Cingerezi, ndi pambali pace liu limodzi la Cinyanja, ndipo ana aloweza monga ngati mau ndi mbuzi zosinthana imodzi kwa imodzi. Pa maina a zinthu njira iyi ithandiza, koma pa mau osonyeza mtundu ndi muyeso isokeretsa.

Taonani liu lakuti "kind". Mwana aloweza kuti ndilo mtundu, ndipo salakwa, pakuti "what kind of tree" ndiko kufunsa mtundu wa mtengo. Koma "a kind man" ndiye munthu wacifundo. Ndiponso Mngerezi akati "kind of tired" kapena "sort of tired", sanena za mtundu konse. Angocepetsa mau ace, monga ife titi "ndatopako".

Coopsa koposa ndi "too". Ife liu lakuti "kwambiri" tilisenzetsa akatundu awiri, kucuruka kokoma ndi kucuruka koipa. Cingerezi ciwagawa: "very" ndilo kwambiri, "too" ndilo kupitirira muyeso. Mnyamata wina amene ndinamphunzitsa ine ndemwe analembera kalata mkuru womfunira nchito, nati, "You have helped me too much." Mumtima mwace anati wayamika, koma mauwo anena kuti thandizo lanyanya. Manyazi a kalata imeneyo ndi anga, si ace ai.

Liu lakuti "quite" nalonso lili ndi nkhope ziwiri. "Quite right" ndiko kulondola kotheratu; koma "quite good", pakamwa pa munthu wa ku Britain, kawirikawiri ndiko kukomako cabe. Mwana wouzidwa cotero angakondwere kopambana, osazindikira kuti amtama pang'ono.

David Clement Scott wa Misyoni ya Blantyre, m'buku lace la mau a Cimang'anja la caka ca 1892, sanakhutire ndi kuika liu pa liu, koma anaonjezapo ziganizo zosonyeza mayendedwe a mauwo. Ngati mlendo anacitira cinenero cathu ulemu wotere, ife tilekerenji kucitira Cingerezi comweco?

Cifukwa cace ndikupemphani, musapatse mwana liu lotere lili lokha. Mpatseni ziganizo ziwiri kapena zitatu, nimumfunse iye mwini anene m'Cinyanja kusiyana kwace. Nchito idzayenda pang'onopang'ono, koma kuona maso a nkhono nkudekha.