Ng'oma Yosamva Phazi

Akuluakulu adati chakudza sichiyimba ng'oma. Magemu a pakanema adalowadi m'boma lathu la Mchinji popanda kulengeza. Tidangodzidzimuka kuona kuti pa Kamwendo, pa Mkanda, pa Kapiri ngakhalenso pa boma penipeni pali tinyumba tokhala ndi wayilesi yakanema, batire ndi sola padenga, momwe anyamata amaunjikana dzuwa likangotuluka. Makolo ambiri tikamakamba za magemuwa timathera pa kudandaula kuti akujombetsa ana kusukulu. Dandaulo limeneli ndi lomveka, koma ine pano ndikufuna kuwaunika magemuwa monga momwe timaunikira sewero, ndakatulo kapena gule, makamaka aja amene amayesa luso la munthu potsatira nyimbo. Ndili ndi mafunso awiri: kodi magemu amenewa akuphunzitsa ana athu kumva ng'oma motani, ndipo kodi angathe kusenza magule athu?

Tiyambe ndi njira yomwe magemu amafikira kuno. Makina atsopano ndi okwera mtengo, choncho m'tinyumba tambiri mudakali PlayStation 2, makina omwe kampani ya Sony idatulutsa m'chaka cha 2000 ndipo adagulidwa oposa 150 miliyoni pa dziko lonse. Achinyamata ena amasewera pa foni pogwiritsa ntchito chomwe amachitcha emulator. Iyi ndi pulogalamu yomwe imachititsa foni kapena kompyuta kuti izinamizira kukhala makina ena. Yotchuka kwambiri pakati pa anyamata athu ndi PPSSPP, yomwe Henrik Rydgård wa ku Sweden adayamba kugawa mwaulere mu 2012, ndipo imasandutsa foni kukhala PlayStation Portable ya mu 2004. Magemu ake amayenda pa memori khadi kuchoka m'thumba la uyu kupita m'thumba la uyo, ndipo malire a pa Mwami sawafunsa chiphaso.

Palinso chomwe amati mod, kutanthauza gemu yomwe munthu wamba waisintha payekha. Ena amaona ngati ntchito imeneyi ndi yachibwana, koma mbiri ikutsutsa. Gemu yotchuka ya Counter-Strike idayamba mu 1999 ngati mod yomwe Minh Le ndi Jess Cliffe adapanga pa gemu ya Half-Life. Ku Brazil, Allan Jefferson adatenga gemu ya mpira ya kampani ya Konami n'kuikamo matimu a kwawo, ndipo Bomba Patch yakeyo idafalikira dziko lonselo. Gemu ya mpira ya PES idasiya kutuluka pa PlayStation Portable itatha ya 2014, koma pa mafoni a anyamata athu mumapezeka osewera ndi mayunifomu a zaka zaposachedwa, chifukwa anthu okonda masewerawa amaisoka mwatsopano chaka ndi chaka. Makampani akuluakulu sadaikemo Bullets, Wanderers kapena Silver Strikers. Ngati mwana wa ku Mchinji adzachinye chigoli pakanema atavala malaya a timu ya kwawo, adzakhala atathandizidwa ndi wopanga mod. Chondidandaulitsa n'chakuti ma mod ambiri amene ndawaona ndi opangidwa kunja, ndipo ife tidakali ongolandira.

Tsopano tifike pa magemu a nyimbo, omwe ndiwo mutu wa nkhani yanga. Mu 1998 kampani ya Konami ku Japan idatulutsa Dance Dance Revolution. Wosewera amaima pa kabwalo kokhala ndi mivi inayi: wa kutsogolo, wa kumbuyo, wa kumanja ndi wa kumanzere. Nyimbo ikamalira, mivi imayenda pakanema, ndipo iye ayenera kuponda muvi woyenera pa nthawi yake yeniyeni. Mu 2001 kampani ya Namco idabweretsa Taiko no Tatsujin, momwe wosewera amagwira timitengo tiwiri n'kumaomba ng'oma: chizindikiro chofiira chikafika amenye pakati, chabuluu chikafika amenye m'mphepete. Guitar Hero ya mu 2005 idachita chimodzimodzi ndi gitala la pulasitiki. Timagemu ta pa foni tomwe ana athu amagogoda ndi zala potsatira nyimbo ndi zidzukulu za amenewa.

Magemuwa ali ndi ubwino wake, ndipo wounika wachilungamo sangaubise. Amaphunzitsa khutu, diso ndi thupi kugwirira ntchito pamodzi. Sakondera: mwana wa mfumu ndi mwana wa mlimi akaphonya, makina amawauza mofanana kuti aphonya. Amaphunzitsanso kupirira, poti nyimbo yovuta munthu amaibwereza kambirimbiri mpaka ataigonjetsa. Dance Dance Revolution imatulutsa thukuta lenileni, n'chifukwa chake mu 2006 boma la West Virginia ku America lidaganiza zoilowetsa m'sukulu zake pa maphunziro olimbitsa thupi.

Koma vuto lake lili pa tsinde penipeni. M'magemu onsewa nyimbo ndi yolembedwa kale, mapazi ndi olembedwa kale, ndipo ntchito ya munthu ndi kumvera basi. Ine monga wogwira ntchito m'boma ndimalidziwa bwino buku losainira nthawi yofikira pa ntchito. Bukulo limadziwa kuti wafika 7:30 kapena wachedwa, koma silidziwa ngati wamuthandiza mayi amene wayenda wapansi kuchokera kutali kudzafuna chithandizo. Gemu ya nyimbo ili ngati buku limeneli. Imawerenga kusunga nthawi, ndipo china chilichonse chomwe wovina angaonjezere, kaya kugwedeza phewa, kaya kuchedwetsa dala phazi kuti anthu agwire mtima, imachiona ngati kulakwa kapena siichiona n'komwe.

Yerekezani zimenezi ndi bwalo la Gule Wamkulu. Pamakhala ng'oma zingapo, monga mpanje, mbandambanda ndi gunda, zomwe zimagwira mayendedwe a nyimbo. Koma pali mbalule, ng'oma yomwe woyimba wake maso ake sachoka pa mapazi a gule. Gule akasintha kapondedwe, mbalule imamutsata. Akadula mwadzidzidzi, nayo imadula. Woyimba mbalule waluso ndi amene amatha kuwerenga thupi la wovina, ndipo nthawi zina amamuputa kuti aonetse zambiri. Apa ng'oma ndi phazi zimayankhulana. M'gemu muja mbali imodzi yokha ndiyo imayankhula. Ng'oma ya pakanema ilibe makutu, ndipo mwana amene waphunzira kayimbidwe kwa iyo yokha akhoza kukula akuganiza kuti kuvina bwino n'kusaphonya mzere.

Vuto lachiwiri ndi la kusungulumwa. Gemu imaika munthu mmodzi, mwina awiri, patsogolo pa galasi, aliyense ndi mzere wake ndi malikisi ake. Magule a kuno sayenda choncho. Pa ingoma ya Angoni a kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu, mphamvu yake ili pa mapazi ambiri omenya nthaka nthawi imodzi, zishango zili m'manja, amayi akuomba m'manja ndi kuthira mang'ombe. Pa chimtali, mayi mmodzi sangapange bwalo. Ndipo malikisi a wovina wathu sachokera ku makina: amachokera ku nthungululu, ku fumbi, ndi ku ndalama yomwe munthu amadzuka n'kukafupa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu mmodzi savina ingoma.

Kodi tsono tiwataye magemuwa ngati zinthu zachilendo? Ine ndikuti ayi, ndipo mboni yanga ndi mganda. Mganda, malipenga ndi beni adabadwa makolo athu ataona perete ndi mabandi a asilikali a atsamunda, makamaka nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918 itatha. Analibe malipenga a mkuwa, choncho adatenga zipanda n'kuzichititsa kulira ngati malipenga. Adatenga mizere yowuma ya asilikali n'kuithira chiuno, nthabwala ndi nyimbo zodzudzula. Chipanda cholira ngati lipenga chidali emulator ya nthawi imeneyo, ndipo mganda wonse ndi mod ya perete. Chimodzimodzi Daniel ndi Donald Kachamba adatenga kwela ya ku South Africa n'kuipatsa kakomedwe ka kwathu. Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma kumeta kwake timasankha tokha.

Khomo lochitira zimenezi lilipo kale. Kuyambira mu 2001 pali StepMania, pulogalamu yaulere yofanana ndi Dance Dance Revolution, yomwe aliyense angathe kuikamo nyimbo yake n'kulemba yekha mapazi ake. Mnyamata amene amatha kuika gemu pa foni ya mnzake angathenso kuphunzira zimenezi.

Komabe pali malire awiri omwe wopanga mod wa kuno ayenera kuwalemekeza. Oyamba ndi a lamulo. Emulator payokha si mlandu kulikonse: mu 2000 khoti la apilo ku America lidagamula mokomera kampani ya Connectix yomwe Sony idaisumira. Koma mu 2024 eni ake a emulator ya Yuzu adavomera kulipira Nintendo madola 2.4 miliyoni n'kutseka ntchito yawo, poti inkaseweretsa magemu omwe anali adakali pamsika. Mbali inayi, kafukufuku wa bungwe la Video Game History Foundation wa mu 2023 adapeza kuti magemu 87 mwa 100 aliwonse omwe adatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010 sankagulitsidwanso, kusonyeza kuti popanda ma emulator ambiri akadaiwalika. Kusunga chakale ndi kuba chatsopano ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kuno kwathu tili ndi bungwe la COSOMA kuyambira mu 1992 komanso lamulo la umwini wa zaluso la 2016. Woyimba wathu wavutika kale ndi okopera nyimbo mwakuba. Wofuna kuika nyimbo yake m'gemu ayambe wapempha.

Malire achiwiri ndi a mwambo. Bungwe la UNESCO lidalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, ndipo mwezi wa Ogasiti Achewa a m'Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Kutchuka kumeneku sikukutanthauza kuti gule alibenso eni. Amatuluka pa maliro, pa chinamwali ndi pa kulonga ufumu, ndipo ali ndi zinsinsi zake za kudambwe. Kumusandutsa chidole chodumphadumpha pa foni kuti mwana apeze malikisi ndi kunyoza, ngakhale wochitayo atakhala ndi mtima wabwino. Mganda, chimtali ndi nyimbo za oyimba amene avomera ndi zokwanira kuyambirapo.

Chigamulo changa n'chakuti magemu a nyimbo, monga momwe makampani adawapangira, ndi aphunzitsi abwino a kusunga nthawi koma ndi aphunzitsi osakwanira a gule. Chowasowa n'chomwe woyimba mbalule aliyense amachidziwa, chakuti ng'oma iyenera kumvera wovina. Ndikadakonda kuona gemu ya anthu awiri, wina akuponda monga mtima wake wamuuzira, mnzake akuyesetsa kumutsata pa ng'oma, malikisi n'kumaperekedwa pa kumvana kwawo. Sindikuyembekeza kuti gemu yotere ichokera ku Tokyo, poti kumeneko sadaimepo pabwalo la kwa Mkanda fumbi lili koboo. Angaipange ndi mwana amene adakulira pakati pa ng'oma n'kuphunziranso kompyuta. Ana otere alipo m'boma lino, ndipo ntchito ya ife makolo, aphunzitsi ndi alembi ndi kuonetsetsa kuti akudziwa mbali zonse ziwiri.