Thyolo, Mkango Wofunda Nkhungu

Thyolo! Thyolo wa mapiri! Thyolo mkango wofunda nkhungu, wogona mutu uli ku Bvumbwe, mchira uli ku Thekerani. Thyolo njovu ya msana wobiriwira, yosadziwa chilimwe. Thyolo mwini chiperoni, mpongozi wa mvula, iwe amene mitambo yochokera ku Mozambique imayamba yakugwadira isanapitirire ku Limbe. Imvani ng'oma, inu ofuna pomanga, inu otopa ndi lendi ya ku Ndirande ndi fumbi la ku Bangwe. Tsatani msewu wa ku Mulanje, mudzaone kumene dziko linavala nsalu imodzi.

Bvumbwe ndiye chipata. Bvumbwe mlonda wa pakhomo, mwana wa Angoni, wosagona tsiku la msika. Bvumbwe wa kabichi wolemetsa dengu, wa tomato wa milumilu, wa mkaka wotsika pa njinga mbandakucha zigubu zikugundana. Bvumbwe wodyetsa Blantyre, Blantyre osathokoza. Womanga kuno amadzutsidwa ndi tambala wa kumudzi, ntchito nakagwira mumzinda, madzulo nadzaotha moto pakhomo pake.

Ndiye tiyi! Tiyi nyanja ya pamtunda, yopanda bwato, yopanda ng'ona. Tiyi mafunde okwera zitunda, otsika zigwa, osasweka. Satemwa nkhalamba yosakota msana, amene Maclean Kay anamuyala mu 1923, wa nyumba ya Huntingdon ya makonde aataliatali. Satemwa wosunga nkhalango yotsala, mobisala mbalame yodziwika kunja ndi dzina la Thyolo. Conforzi dzina la Mtaliyana lomwe linamera mizu m'dothi lofiira. Naming'omba, Makandi, Nchima: mikango ya mimba imodzi, yomwera pa mtambo umodzi.

Tamandani dzanja lotchola! Tamandani mayi uja wolowa m'munda mame asanaume, pulasitiki atamanga m'chiuno, dengu lili kumsana, khasu atasiya kunyumba. Zala zake mphezi. Masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, akuponya kumbuyo osacheuka. Dzuwa likafika paliwombo ali pa mzere wa sikelo, maso ali pa cholembera cha kapitawo. Ndiye mzati wa fakitale, ndiye mwini fungo lija lokulandirani pamsewu, ndiye amene thukuta lake limagulidwa pa okushoni ku Limbe ndi kukamwedwa ku London ndi anthu osamudziwa dzina. Mfumukazi yopanda mpando. Mkango waukazi, wosaka ena nadya.

Ng'oma yabodza sindiimba ine. Dziko ili lili ndi zipsera. Agogo a Chilomwe anawoloka kuchokera ku Mozambique nadzapeza thangata ikuwadikira, msana unapindikira m'munda wa mzungu kuti apeze pogona. Mpaka lero midzi yapanikizika m'mphepete mwa maesiteti, chimanga chikukwera mpaka pamwamba pa phiri pamene panali mitengo ya mbawa. Puloti ya kuno si yotola panjira. Mukafika, bambo, vulani chipewa. Pitani kwa amfumu, muombe m'manja. Funsani eni mbumba, pakuti dothi la kuno limayenda ndi bere la mayi, ndipo mkamwini wogulitsa munda usiku wagulitsa mlandu. Yendani malire ndi anansi dzuwa likuswa mtengo, mapepala mukaonetse ku boma. Thyolo salandira mlendo wolowera pazenera.

Thyolo Boma mtima wa mkango, pokhala bwanamkubwa, pogamulidwa milandu, pamthunzi wa bulugama.

Makwasa wa Malamulo! Malamulo wa Asabata kuyambira 1902, wochiza akhate pamene ena ankawathawa, wosula anamwino ndi madokotala. Malamulo phiri la machiritso, kumene odwala amachokera kutali atanyamulidwa nabwerera akuyenda okha. Malamulo wa Loweruka la nyimbo, tsiku limene khasu limapuma ndipo kwaya imagwedeza malata. Wokalamba wofuna pothera masiku ake pafupi ndi mankhwala ndi pemphero, nayu Makwasa watambasula mphasa.

Goliati wobala atsogoleri! Goliati wa Ndata, kumene Bingu wa Mutharika anagonekedwa mu 2012 pa Mpumulo wa Bata. Ndata munda umene unasanduka sukulu, kumene yunivesite ya MUST inatsegula zitseko mu 2014. Pamene pankalira ng'ombe pakulira makompyuta. Ana a ku Chitipa ndi ku Nsanje akufuna pogona, akufuna chakudya, akufuna wometa tsitsi. Mwini njerwa zootcha, wamva?

Luchenza mwana wa njanji, woona utsi wa sitima kuyambira 1908. Luchenza wokhala m'munsi, maso ali m'mwamba, woyang'anizana ndi Mulanje tsiku ndi tsiku osaphethira. Khonde lako liloze kum'mawa, Sapitwa wa mamita 3,002 adzakhala mnansi wako, wosabwereka mchere, wosayamba ndewu.

Koma kummwera, amangwetu, kummwera! Masambanjati wa nkhalango. Molere wa mikoko. Thekerani chiwombankhanga chokhala pa nsonga, choyang'ana chigwa cha Shire chikuphika ndi dzuwa icho chili chofunda bulangete. Thekerani wa misewu yokhotakhota ngati nsato, wa nthochi zomwe zinkadzaza malole mpaka matayala kulira. Nthenda ya chisaka inabwera, inapha mikoko, anthu nazula nabzalanso, pakuti mkango wovulala sutaya kubangula. Kumunsi Ruo akugubuduza miyala, Ruo malire a maiko awiri, Ruo wodziponya pa mathithi a Zoa mkokomo wake numveka kutsidya. Nswadzi ndi Thuchila akumutumikira ngati nduna.

Bwerani ndi njerwa, bwerani ndi malata, bwerani ndi jekete ya mwezi wa June! Mphika wa kalongonda wawira kuyambira dzulo. Makaka asinjidwa. Amuna a tchopa, gule amene UNESCO inamulemba m'kaundula wake mu 2014, amanga zikopa ndi mitolo kumsana, nthenga zili kumutu, ng'oma zaothedwa pamoto. Fumbi lofiira lidzuke! Nthungululu zing'ambe nkhungu! Thyolo wadzuka, Thyolo wadzinyadula, Thyolo wabangula, ndipo Mulanje wayankha!